Ejenti woyang'anira mafulati akutiopseza ndi kontrakiti: tingamuchotse bwanji?

Funso lachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku South Africa. Akuti: "Ndinagula fulati pa ngongole ya kubanki mumdadada wa mafulati 48 ku Kempton Park. Kampani imene imayang'anira mdadadawu inabwera ndi amene anamanga. Levi yakwera kawiri chaka chino, chikepe chinafa kalekale, ndipo tikapempha kuona mapepala a ndalama amangotizengereza. Titanena zowachotsa anatiuza kuti kontrakiti yawo ndi ya zaka zisanu, tikaithetsa tilipira ndalama zonse za zaka zotsalazo. Palinso kontrakiti ya alonda ya zaka zisanu imene tcheyamani anasaina yekha, ndipo tamva kuti kampaniyo ndi ya mlamu wake. Anzanga akuti tingosiya kulipira levi mpaka zinthu zisinthe. Titani?"

Mayi, ndiyambe ndi zimene anzanuwo akukulangizani, chifukwa pamenepo ndi pamene mungadzipweteke msanga. Musasiye kulipira levi, ndalama ya pamwezi imene eni mafulati amasonkha yoyendetsera mdadada. Ndalama imeneyo si ya ejenti, ngakhale sitetimenti imabwera ndi chizindikiro cha kampani yake pamwamba. Mumapereka ku body corporate, ndipo body corporate ndinu nomwe eni mafulati 48 aja pamodzi. Mukasiya, ejenti malipiro ake alandirabe. Amene asowe ndalama ndi wokonza chikepe, a inshuwalansi ya nyumba ndi a khonsolo amene amakupatsani madzi. Kwa inu ngongole iyamba kubereka chiwongoladzanja, makalata a maloya ayamba kufika, ndipo tsiku limene mudzafune kugulitsa fulatiyo simudzatha kuisinthira m'dzina la wogula popanda chikalata chotsimikiza kuti za levi munathana nazo. Alipo anthu amene mafulati awo anagulitsidwa pa okushoni chifukwa cha ngongole ya levi. Kudandaula kuti ntchito sikugwiridwa si chifukwa chimene khoti limalandira kuti munthu aleke kulipira. Lipirani, sungani malisiti onse, ndipo nkhondoyi mukaimenyere pamsonkhano wa eni mafulati, kumene muli ndi mphamvu zenizeni.

Mphamvuzo ndi zambiri kuposa momwe ejentiyo akufunira kuti mudziwe. Umwini wa mtundu umenewu, woti munthu ali ndi fulati yakeyake koma denga, masitepe, chikepe ndi geti ndi za onse, unakhazikitsidwa ndi lamulo la ku New South Wales, Australia, mu 1961, kumene amautcha strata title. South Africa inatengera komweko mu 1971 n'kuutcha sectional title. Lero kayendetsedwe ka midadada yotere kali pansi pa Sectional Titles Schemes Management Act ya 2011, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 7 Okutobala 2016 pamodzi ndi malamulo ake ang'onoang'ono otchedwa Prescribed Management Rules. Eni mafulati amasankha matrasti, komiti yoyendetsa mdadada m'malo mwawo, pamsonkhano wa pachaka, matrasti ndi amene amalemba ntchito ejenti. Ejenti ali ngati kapitawo pa esiteti: makiyi amasunga iye, mabuku amawadziwa iye, antchito amamva zake, koma munda si wake.

Tsono za zaka zisanu zija. Lamulo 28(7) la Prescribed Management Rules likuti kontrakiti ya ejenti woyang'anira mdadada siingapitirire zaka zitatu. Likutinso body corporate ikhoza kuithetsa popereka notisi ya miyezi iwiri, popanda chindapusa kapena chipukutamisozi chilichonse, ngakhale kontrakitiyo italemba zosiyana ndi zimenezi, malinga eni mafulati avomereze kaye pamsonkhano ndi chigamulo chapadera chofuna mavoti 75 peresenti, chimene chimatchedwa special resolution. Choncho mawu oti mulipira ndalama zonse za zaka zotsala ndi oopsezera chabe ngati mutatsata njira imeneyi. Chokhacho, pemphani malamulo olembetsedwa a mdadada wanu muwawerenge, chifukwa womanga amaloledwa kusintha ena mwa malamulowa poyamba penipeni, ndipo ndi bwino kudziwa chimene chinalembedwa kwa inu musanatumize kalata.

Pali njira inanso yopepukirapo mu lamulo 28(8). Ngati kontrakiti ili pafupi kutha, kapena ili ndi ndime yakeyake yonena za kuithetsa, matrasti okha kapena mavoti ongoposa theka pamsonkhano ndi okwanira kukana kuiwonjezera kapena kuithetsa motsatira ndimeyo. Funsaninso kuti anasaina ndani. Mwati kampaniyi inabwera ndi womanga. Gawo 15(2) la Sectional Titles Schemes Management Act likuti ngongole kapena udindo wochokera mu mgwirizano wa womanga ndi munthu wina sizingakakamizidwe pa body corporate, ndipo pamsonkhano woyamba eni mafulati amayenera kuvota ngati akuvomereza makontrakiti amene womanga anapangana m'malo mwawo, iye mwini osavota nawo. Ngati zimenezi sizinachitike ndipo palibe matrasti amene anasainanso pambuyo pake, ejentiyo waima pa nthaka yofewa kwambiri.

Ine ndingakulangizeni njira ya 28(7), ndipo chifukwa chake ndi ichi: simufunika kutsimikizira aliyense kuti ejenti analakwa. Eni mafulati ambiri mtima ukawapsa amafuna kumuchotsa "chifukwa chophwanya kontrakiti" kuti aone polekera. Pamenepo mwamupatsa chokangana nacho. Adzati chikepe sichinakonzedwe chifukwa matrasti sanavomereze koteshoni, adzati levi inakwezedwa ndi matrasti osati iye, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Mkangano wotero umatha miyezi yambirimbiri ndi ndalama za maloya, pomwe notisi ya miyezi iwiri siifuna chifukwa.

Pamene anthu amagwera ndi pa kaitanidwe ka msonkhano, ndiye ndichedwepo pang'ono. Ngati matrasti sakufuna kuuitanitsa, eni mafulati amene gawo lawo pamodzi likukwana 25 peresenti ya mdadada wonse akhoza kulemba kalata youpempha. Gawo la munthu aliyense, participation quota, limawerengedwa potengera kukula kwa fulati yake, choncho si mitu 12 mwa 48 ayi, zimadalira kuti mafulati a osainawo ndi aakulu bwanji. Matrasti akapanda kuitanitsa msonkhanowo pasanathe masiku 14, opemphawo amauitanitsa okha. Special resolution imafuna notisi ya masiku 30 kwa mwini fulati aliyense, ndipo notisiyo ilembe mawu enieni amene mukavotere. Musalembe kuti "kukambirana za ejenti". Lembani kuti msonkhano ukuvomereza kuthetsa kontrakiti ya kampani yakutiyakuti pa notisi ya miyezi iwiri motsatira lamulo 28(7). Notisi ikapereŵera ndi tsiku limodzi, kapena eni ake ena osaitumiziridwa, loya wa ejenti adzagwira pomwepo ndipo muyambiranso.

Kuti msonkhano uyambe pamafunika eni mafulati amene mavoti awo akukwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mdadada wonse. Chigamulo chimadutsa ngati 75 peresenti ya amene abwera kapena kutumiza owaimira avomereza, powerenga mitu komanso powerenga kukula kwa mafulati, zonse ziwiri. Tinene kuti abwera eni ake 24. Mufunika 18 akweze manja, ndipo mafulati a 18 amenewo akwanenso magawo atatu mwa anayi a kukula kwa mafulati onse a amene abwera. Munthu wa mafulati asanu ali ndi voti imodzi powerenga mitu, koma powerenga kukula amalemera, n'chifukwa chake m'midadada imene womanga anatsala ndi mafulati ambiri muyenera kuwerengetsa bwino musanaitane anthu. Dziwaninso kuti ngati ovomerezawo sanafike theka la mavoti a mdadada wonse, lamulo limati mudikire sabata imodzi musanachite kanthu, kuti ena amene sanabwere athe kupempha kuti nkhaniyo iunikidwenso.

M'midadada yambiri ya ku Joni eni ake sakhala momwemo, anaika alendi. Mlendi savota. Ntchito yanu yaikulu ndi kupeza eni akewo, kuwaimbira, kuwafotokozera, n'kuwapempha asaine fomu ya proxy, yotuma munthu wina kukawavotera, ngati sangabwere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amene akukwera masitepe ndi majumbo a zogula ndinu, mwini fulati wokhala ku Durban sakumva kuwawa kumeneko. Munthu mmodzi saloledwa kuimira eni ake oposa awiri, ndipo ejenti kapena wantchito wake saloledwa kukhala proxy wa aliyense. Mukaona mulu wa mafomu uli m'manja mwa tcheyamani yekha, imirirani mutsutse nthawi yomweyo ndipo zilembedwe m'maminitsi. Asakunamizeninso kuti amene ali ndi ngongole ya levi savota. Pa special resolution aliyense amavota, ndipo ngakhale pa nkhani wamba munthu amataya voti chifukwa cha ngongole pokhapokha khoti kapena woweruza wa CSOS, bungwe la boma loweruza mikangano ya m'midadada, atalamula kuti alipire iye n'kukana.

Musanafike pamsonkhano, pezani mapepala. Si chifundo cha ejenti, ndi ufulu wanu. Malamulo 26 ndi 27 a Prescribed Management Rules amapatsa mwini fulati ufulu woona ndi kukopera mabuku a ndalama, maminitsi, makontrakiti onse amene body corporate inasaina, ndi mndandanda wa eni mafulati. Pemphani polemba, pa imelo yokhala ndi deti, mutchule chikalata chilichonse pachokha. Pa zikalata za mu lamulo 27 ali ndi masiku 10 oti akupatseni. Mukhoza kulipitsidwa za fotokope basi. Mu imelo yomweyo pemphani Fidelity Fund Certificate ya ejentiyo. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2022, pansi pa Property Practitioners Act ya 2019, ejenti woyang'anira nyumba za anthu ayenera kukhala ndi chikalata chimenechi chochokera ku Property Practitioners Regulatory Authority, ndipo wopanda chikalatacho sayenera kulandira malipiro pa ntchitoyo. Funsaninso kuti ndalama zanu zili mu akaunti yanji. Lamulo limalola akaunti ya m'dzina la body corporate kapena trust account yovomerezeka, yosungiramo ndalama za anthu ena padera, osati akaunti wamba ya kampani ya ejenti.

Za levi kukwera kawiri, musafulumire kuganiza zakuba. Chaka cha ndalama chikatha, matrasti amaloledwa kukweza ndi 10 peresenti kapena kucheperapo podikira bajeti yatsopano, kenako msonkhano wa pachaka ukavomereza bajeti levi imasinthanso. Zikhoza kukhala zimenezo. Koma ngati msonkhano wa pachaka sunachitike m'miyezi inayi chitathereni chaka cha ndalama, kapena simunaonetsedwe malipoti ounikidwa ndi odita, pamenepo pali funso lofunika yankho.

Kontrakiti ya alonda ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chitetezo cha lamulo 28(7) sichifika kumeneko. Lamulo lija ndi la ejenti woyang'anira yekha. Kampani ya alonda, yokonza chikepe, yosesa, yoika mamita a magetsi kapena intaneti, zonsezi zimayendera malamulo wamba a makontrakiti, ndipo zimene zinasainidwa ndi zimene zimagwira. Vutoli si la ku South Africa kokha. Ku Queensland, Australia, makontrakiti a osamalira midadada ina amaloledwa kufika zaka 25, ndipo ogula mafulati amawapeza atasainidwa kale. Ena adzakuuzani kuti Consumer Protection Act imalola kuthetsa kontrakiti iliyonse pa notisi ya masiku 20 a ntchito. Ndime imeneyo, gawo 14, siigwira ntchito pakati pa mabungwe awiri, ndipo body corporate ndi kampani ya alonda onse ndi mabungwe pamaso pa lamulo. Mukadalira pamenepo mudzasumiridwa.

Komabe zimene mwafotokozazi zili ndi pogwira. Lamulo 10 la Prescribed Management Rules likuti chikalata chosainidwa m'malo mwa body corporate sichimanga aliyense pokhapokha chitasainidwa ndi matrasti awiri, kapena trasti mmodzi ndi ejenti, ndipo pakhale chigamulo cha matrasti chololeza. Tsegulani tsamba lomaliza la kontrakitiyo muwerenge masiginecha. Kenako fufuzani m'maminitsi a matrasti ngati nkhaniyi inakambidwa n'kuvomerezedwa. Ngati pali dzanja la tcheyamani lokha ndipo m'maminitsi mulibe kanthu, muli ndi mfundo yamphamvu. Ndikuchenjezeni kuti kampaniyo sidzangogonja. Idzati mwakhala mukulandira alonda ake pageti ndi kulipira mainvoisi mwezi ndi mwezi, choncho munavomereza ndi zochita zanu. Amene angapambane zimadalira kuti papita nthawi yaitali bwanji ndiponso matrasti ena ankadziwa chiyani. Apa ndi pamene ndalama yolipira loya wodziwa za sectional title kuti awerenge mapepalawo imakhala yosatayika.

Za mlamu zija, "tamva" si umboni. Musalembe pa gulu la WhatsApp la mdadada kuti tcheyamani ndi wakuba, chifukwa mlandu woipitsa mbiri ya munthu udzagwera inu nokha, anzanu amene ankaombera m'manja atakhala phee. Mayina a madayirekitala a kampani iliyonse yolembetsedwa amapezeka ku Companies and Intellectual Property Commission. Yambirani kumeneko. Chibalecho chikatsimikizika, lamulo lili kumbali yanu: trasti amene ali ndi phindu lililonse pa nkhani, lachindunji kapena lodzera mwa wina, sayenera ngakhale kukhalapo pamene nkhaniyo ikukambidwa, ndipo gawo 8 la Sectional Titles Schemes Management Act limati trasti amene waphwanya udindo wake wosamalira za anzake akhoza kulipitsidwa zimene body corporate yataya ndi kubweza zimene wapindula. Kuchotsa trasti pampando kumangofuna mavoti oposa theka, bola nkhaniyo ilembedwe mu notisi ya msonkhano. Ndikanakhala inu ndikanaiika pa ajenda yomweyo, chifukwa kuchotsa ejenti n'kusiya matrasti omwe ankasaina osawerenga sikusintha kanthu.

Ngati kontrakiti ya alonda ipezeka kuti ndi yomanga, musataye mtima. Werengani ndime yonena za kuphwanya pangano: kawirikawiri imati mulembe kalata yotchula cholakwa ndi kupereka masiku oti akonze, akalephera mukhoza kuthetsa. Ndiye yambani kulemba. Usiku wakutiwakuti pageti panali mlonda mmodzi pomwe kontrakiti ikuti awiri. Tsiku lakuti buku la alendo silinalembedwe. Kamera ya kumalo oimika magalimoto yakhala yozima kuyambira deti yakuti. Onaninso ngati kampaniyo ndi alonda ake analembetsa ku PSIRA, bungwe loyang'anira makampani a zachitetezo, chifukwa lamulo limafuna kutero. Ndipo ngati chindapusa chothetsera kontrakiti ndi chachikulu mopitirira zimene kampaniyo ingataye, Conventional Penalties Act ya 1962 imapatsa khoti mphamvu yochitsitsa. Podziwa zimenezi makampani ambiri amalola kukambirana. Alonda enieniwo musawachitire nkhanza pakati pa zonsezi. Iwo sanasaine kanthu, angotumidwa kudzachezera usiku pageti panu.

Ndatchula CSOS. Ili ndi bungwe la boma, Community Schemes Ombud Service, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti mikangano ya m'midadada isamathere kukhoti nthawi zonse. Mumalilipira kale: pa sitetimenti yanu pali kandalama kake, kosapitirira R40 pamwezi. Inu monga mwini fulati mukhoza kukadandaula nokha, ndipo nthawi zambiri maloya saloledwa kuimira anthu kumeneko. Amafuna muonetse kuti munayesa kaye kuthetsa nkhaniyo mumdadada mwanu, ndiye maimelo aja ndi ofunika. Amayamba ndi kuyanjanitsa, zikakanika nkhani imapita kwa woweruza. Gawo 39 la lamulo lawo limamulola kulamula kuti mupatsidwe mapepala amene akukubisirani, kuti mabuku aunikidwe ndi odita, kuti msonkhano uitanidwe, kuti body corporate ikonze zinthu za onse monga chikepe chanucho, kuti ejenti atsatire kontrakiti yake, komanso kugamula ngati body corporate ili ndi ufulu wochotsa ejenti ndiponso ngati wachotsedwadi. Chigamulo chake chimakakamizidwa ngati cha khoti, ndipo apilo imapita ku High Court pasanathe masiku 30, pa mfundo ya lamulo yokha. Ngati mukufuna kuti chigamulo china cha matrasti kapena cha msonkhano chifafanizidwe, muli ndi masiku 60 kuchokera pamene chinapangidwa, ndiye musagone. Mkangano wa ndalama pakati pa body corporate ndi kampani ya alonda wokha ndi umene ungafunike khoti wamba, kapena arbitration, kuweruzidwa ndi munthu wapadera kunja kwa khoti, ngati kontrakiti inatero. Ku CSOS nkhani zimachedwa, choncho musaimitse zokonzekera msonkhano podikira iwo, ziyendere limodzi.

Miyezi iwiri ya notisi ndi nthawi yoopsa, chifukwa ejenti wochotsedwa salimbikiranso ntchito pomwe ndalama ndi mabuku zikadali m'manja mwake. Pofika tsiku la msonkhano mukhale mutapeza kale makoteshoni a makampani ena awiri kapena atatu, mutaona zikalata zawo ndi kufunsa midadada imene akuyang'anira. Kontrakiti ikatha, wakaleyo ali ndi masiku 10 oti apereke zikalata zonse za body corporate zimene akusunga. Matrasti atenge masitetimenti a kubanki a tsiku lomaliza, a thumba la ndalama zoyendetsera ndi a thumba la ndalama zosungira zokonza nyumba, awayerekeze ndi mabuku, aonenso kuti inshuwalansi ya mdadada sinadumphe mwezi ndiponso kuti bilu ya kukhonsolo ili pati. Eni mafulati onse auzidwe polemba akaunti yolipirako levi ndi tsiku loyambira, kuti ndalama zisapitirire kulowa kwa munthu amene mwamuchotsa.

Pamsonkhano womwewo gwiritsani ntchito gawo 7 la Sectional Titles Schemes Management Act, limene limalola eni mafulati kuikira matrasti malire. Votani kuti kontrakiti iliyonse yopitirira chaka chimodzi, kapena yoposa ndalama imene mungagwirizane, isasainidwe popanda kubwera kwa eni ake. Kuti pazikhala makoteshoni atatu. Kuti pasakhale kontrakiti yodziwonjezera yokha ikatha. Ndiponso kuti trasti aliyense azilemba poyera chibale kapena bizinesi imene ali nayo ndi kampani yofuna ntchito. Zimenezi zimangofuna mavoti oposa theka. Ndipo pamene akufunsa mayina a matrasti atsopano, Mayi, lolani dzina lanu lilembedwe.